Mabriketi ndi nazale za achinyamata ku Lilongwe: zolemba za momwe ntchito ikuyendera

Meyi 2024

Tayamba ndi magulu atatu a achinyamata: lina ku Chinsapo, lina cha ku Likuni, lachitatu kufupi ndi Mitundu. Awiri oyambawo aziumba mabriketi, makala ochokera ku makoko a mtedza ndi zitsononkho za chimanga. A ku Mitundu asankha nazale ya mitengo chifukwa ali ndi malo pafupi ndi dambo, ndipo a gulupu awo avomera kuti awagwiritse ntchito. Ambiri mwa achinyamatawa ali ndi pepala la Fomu 4 lomwe likungokhala m'sutikesi. Ntchito yomwe aidziwa ndi ganyu, kabaza ndi kugulitsa mayunitsi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti tilipo anthu 17.5 miliyoni, theka lake ana osakwana zaka 18. Ana aja ndi awa akula, koma malo antchito sanakule nawo.

Dera ili sitinalisankhe mwangozi. Aliyense amene anadutsapo msewu wa Likuni mbandakucha amazidziwa njinga zosenza matumba a makala, zikulowera mtauni kuchokera ku Dzalanyama. M'nkhalango imeneyo ndi momwe mumachokera mtsinje wa Lilongwe, womwe umadzaza madamu a Kamuzu ku Malingunde, komwe mzinda umamwa. Mu 2015 boma linatumizako asilikali kuti akalondere, mu 2017 linatulutsa ndondomeko ya zaka khumi yokhudza makala, ndipo mu 2020 lamulo la zankhalango linakhwimitsidwa, zilango n'kukwera. Njinga zija sizinaleke kubwera. Sizingaleke pomwe mabanja oposa 90 pa 100 alionse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala. Amene akuzipalasa ndi amsinkhu umodzi ndi achinyamata athuwa, ena ndi asuweni awo enieni.

Pamsonkhano woyamba tagwirizana kuti chomwe tiziwerengera si kuchuluka kwa anthu ophunzitsidwa kapena zithunzi zojambulidwa, koma ndalama yotsala m'thumba mwa wachinyamata akachotsa zonse zomwe walowetsa. Ikachepera ya ganyu abwerera ku ganyu, ndipo palibe angamunene.

Juni 2024

Mwezi uno watha ndi utsi m'maso. Tikuwotchera m'migolo yachitsulo ya malita 200, yobooledwa timabowo kunsi, yokhala ndi chivundikiro chomwe wowotcherera wina wa ku Chinsapo anatiikira paipi yotulutsira utsi. Mgolo timaukhazika pa njerwa kuti mpweya uzilowa pansi. Luso lonse lagona pa kuwerenga utsi. Poyamba umatuluka woyera, wochindikala, ndiwo madzi akuchoka. Kenako umachita chikasu. Ukayamba kupyapyala n'kuoneka wabuluu, timachotsa njerwa, kutseka pamwamba ndi kumata dothi m'mphepete monse. Ukachedwa kutseka upeza phulusa lokhalokha. Ukafulumira upeza zitsononkho zosapsa mkati, zomwe zimadzafuka pa mbaula ya kasitomala. Ukavundukula mgolo usanazizire, moto umabukanso n'kudya zonse uli chiyimire.

Zitsononkho ndizo zikutipatsa makala abwino. Makoko a mtedza amapsa msanga ndipo amafuna diso. Utuchi tausiya, chifukwa umathinana mumgolo, mpweya sudutsa, umangonyeka pamwamba. Pa kulemera, chomwe chimatuluka ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a zomwe talowetsa. Kusenza makilo 100 kuti upeze 25 n'kutaya mphamvu, choncho migolo ndiyo izipita komwe kuli makoko, kuno kuzibwera makala okhaokha.

Makalawo amasinjidwa mumtondo, kusefedwa, n'kusakanizidwa ndi phala la ufa wa chinangwa kuti agwirane. Muyeso wake ndi pafupifupi kilo imodzi ya ufa pa makilo khumi a fumbi la makala. Apa ndiye pali vuto la chaka chino. Ng'amba ya El Niño yapsereza minda, ndipo mu Malichi Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Chinangwa chakwera mtengo. Mayi amene timabwereka mtondo wawo anatifunsa pamaso pa anthu ngati mitu yathu ikuyenda bwino, kuphika phala lothira m'makala pomwe ana a eni ake akugona ndi njala. Funso lawo n'lomveka. Tayesa dothi la pachulu, lomwe ndi laulere ndipo limamata ndithu, koma briketi yake imalemera, imachedwa kuyaka, phulusa n'kuchuluka. Tsopano tikugula makaka ofumbwa omwe amalonda akanataya, ndi ufa wosesedwa pansi kuchigayo, n'kuwonjezera dothi pang'ono chabe.

Zoumbira ndi zamanja: paipi yodula, ndodo yachitsulo yotsindira, ndi hamala. Anyamata a ku Likuni amafuna makina amagetsi omwe anawaona pa YouTube. Ndakana, ndipo akhumudwa. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chitsulo chilichonse chochokera kunja chakwera koopsa, ndipo makina otere akathyoka dzino limodzi amakhala miyezi pakona akudikira sipeya. Za magetsi nazo tonse tikukumbukira 2022, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira, mamegawati pafupifupi 130 n'kuchoka kwa nthawi yoposa chaka. Makina adzabwera maoda akadzaposa manja.

Julayi 2024

Mabriketi oyamba auma bwino. Dzuwa ndi mphepo ya mwezi uno zikuwaumitsa pasanathe sabata. Chatenga nthawi yathu yonse ndi msika.

Atsikana a ku Chinsapo anayamba ndi amayi a m'makomo, khomo ndi khomo, ndipo abwera ndi madandaulo omwe ndi oyenera kuwalemba monga momwe alili. Briketi imachedwa kugwira moto, ndipo mayi amene akuthamangira phala la mwana wopita kusukulu alibe nthawi yokupiza. Phulusa limatseka timabowo ta mbaula. Koma dandaulo lalikulu ndi lakuti makala amtengo ukamaliza kuphika umawazimitsa ndi madzi, mawa n'kuwayatsanso, pomwe briketi ikakhudza madzi imangosungunuka. Kwa munthu amene amagula makala a kajumbo kamodzi patsiku, kachidutswa kotsala pa mbaula n'chuma. Nkhani yoteteza nkhalango amayiwo amaimva, amavomera ndi mutu, kenako amafunsa mtengo. Ukafanana ndi wa makala a ku Dzalanyama, amasankha omwe anazolowera. Kutsitsa kuposa pamenepo n'kovuta, popeza wowotcha m'nkhalango mtengowo saugula, saudzala, ndipo phala lomatira salifuna. Ndaleka kuwauza atsikanawa kuti aziyamba ndi nkhani ya chilengedwe akafika pakhomo. Azinena zomwe briketi ingachite pa mbaula, basi.

A chiwaya cha tchipisi anatibweza mwaulemu. Iwo amafuna lawi la nkhuni.

Amene atitsegulira khomo ndi alimi a nkhuku zamabroila. Anapiye a tsiku limodzi amafuna kutentha kosadukiza kwa masabata awiri kapena atatu oyamba, ndipo kuzizira kwa usiku wa Juni ndi Julayi kuno ku Lilongwe kumapha anapiye ambiri. Mlimi amene amawafunditsa ndi mbaula ya makala amadzuka kangapo usiku kukawonjezera. Kuyaka pang'onopang'ono kuja, komwe amayi ophika akudandaula nako, kwa mlimiyu ndi tulo. Briketi yayikulu imakhalitsa, ndipo sithetheka, ndiye utuchi woyala pansi m'khola sugwira moto. Bambo wina wa cha ku Chigwirizano anatenga thumba loyesera, sabata yotsatira anatumiza ndalama pa Airtel Money asanaone n'komwe katundu, ndipo anauza anzawo pa gulu lawo la WhatsApp. Chifukwa cha alimiwa tasintha chikombole. Tsopano tikuumba zazikulu, zokhala ndi bowo pakati kuti mpweya uzidutsa. Aliyense wogula timamuchenjeza kuti briketi, monga makala ena onse, imatulutsa mpweya wopanda fungo womwe umapha m'chipinda chotseka, kaya muli nkhuku kaya muli anthu. Mawindo a khola asatsekedwe onse, ndipo mbaula isalowe kuchipinda chogona.

Malesitilanti ang'onoang'ono ophika nyemba ndi mang'ina nawo ayamba kutenga, pa chifukwa chomwecho: ndiwo zawo zimafuna moto wofatsa wa maola ambiri.

Ogasiti 2024

Ku Mitundu mpanda waudzu watha, mthunzi wamangidwa, ndipo dothi losakaniza ndi mchenga ndi manyowa likuthiridwa m'machubu. Machubu ogula akwera mtengo, ndiye achinyamata akutola mapaketi a Chibuku ndi a mkaka pamsika, n'kuwaboola kunsi. Majumbo opyapyala, aja omwe analetsedwa mu 2015 nkhani yake n'kumakokanakokana m'makhoti, ali mbwee paliponse, koma pa nazale alibe ntchito. Amang'ambika mbande isanakule.

Funso lomwe latikhazika pansi nthawi yayitali ndi lakuti mbandezi adzagula ndani. Keshya, mtangatanga ndi gliricidia anthu anazolowera kulandira zaulere nyengo yodzala mitengo ikafika. Wogawa zaulereyo cholinga chake n'chabwino, koma nazale ya wachinyamata yoyandikana naye imafa, chifukwa palibe amene angagule chomwe mawa apatsidwa kwaulere pabwalo la a mfumu. Ndikanakonda mabungwe ogawa mbande akanamagula kwa achinyamata a m'dera lomwelo m'malo mobwera nazo pa lole. Poti sizili m'manja mwathu, tapangana kuti mitengo ya nkhuni ndi ya chonde tifesa yokhayo yomwe ili ndi woitanitsa kale. Sukulu imodzi, mpingo umodzi ndi kalabu ya alimi a fodya omwe amafuna milimo ya zigafa alembetsa. Machubu otsalawo apita ku zipatso: mapapaya, magwafa, ndi mandimu oti adzamezanitsidwe ndi malalanje. Munthu amene sangatulutse ndalama pa keshya amaitulutsa pa chipatso. Mango adikira Disembala, chifukwa njere yake sisungika, imafuna kufesedwa ikangochoka m'chipatso.

Msangu tiikako wochepa, mwa kukakamira kwanga. Ndi mtengo womwe umayoyola masamba nthawi ya dzinja, ndiye sutchinga chimanga, ndipo pansi pake pamakhala chonde. Njere yake ndi yolimba khungu, imafunika kuicheka pang'ono ndi chowengera zikhadabo isanafesedwe. Muzu wake umathamangira pansi msanga, choncho tiufesa mochedwa kusiyana ndi inayo kuti usabooze chubu n'kugwira nthaka.

Seputembala ndi Okutobala 2024

Zinyalala zapeza mtengo. Mu Juni makoko tinkangopatsidwa, mwini wake n'kuthokoza kuti tamuseserera pakhomo. Pano aona kuti tikupanga nazo ndalama, ndipo akutchaja pa thumba. Zitsononkho zasoweratu, chifukwa chimanga chinali chochepa ndipo makomo ambiri akuphikira zomwezo. M'mapepala a mapulojekiti zotsalira za kumunda zimalembedwa ngati zaulere ndi zopanda mwini. Kumudzi kulibe chinthu chotero: phesi ndi chakudya cha ng'ombe, chitsononkho ndi nkhuni, makoko amalowa m'dzenje la manyowa. Aliyense wowerengera bizinesi ya mabriketi aziikamo mtengo wa zimenezi kuyambira tsiku loyamba. Tagwirizana ndi eni makina osendera mtedza kuti azitisungira makoko, ife tizilipira mwezi ukatha.

Ku Likuni anthu achepa. Ena apita ku Joni, wina wabwerera ku kabaza. Otsalawo akuti chinawatopetsa ndi kagawidwe: ndalama ankagawana mofanana, wobwera tsiku ndi tsiku ndi wongobwera tsiku logawana. Ku Chinsapo mtsikana amene amasunga buku anakonza zake popanda womuuza. Wowotcha amalipidwa pa mgolo, woumba pa thandala lodzaza, wogulitsa pa thumba, ndipo gawo lina limatsala m'bokosi logulira zipangizo. Chiyambireni zimenezo kulibe mkangano. A ku Likuni tawaitana kuti akaone bukulo ndi maso awo ndi kumufunsa mwini wake, chifukwa akamva kwa mnzawo zimalowa kusiyana n'kumva kwa ine.

Nkhani ya ngongole yabukanso. Ena akufuna kukafunsira ku NEEF, bungwe la boma lobwereketsa ndalama za mabizinesi, kuti agule makina aja. Ndawalangiza kuti adikire aone chaka chathunthu. Bizinesi iyi ili ndi miyezi yonona ndi yowonda, pomwe ngongole imafuna kubweza mosaphonya. Okutobala yemweyu watisonyeza: kwatentha, alimi a nkhuku achepetsa kugula, matumba aunjikana. Akanakhala ndi ngongole bwenzi akugulitsa migolo. Pakadali pano akusonkha ku banki mkhonde ya gulu lawo.

Thumba la mabriketi ukaliona patali silisiyana ndi la makala oletsedwa. Tinapita ku ofesi ya zankhalango ndi zitsanzo za makoko, fumbi ndi briketi yothyola pakati kuti adziwe zomwe tikuchita, ndipo matumba athu tsopano ali ndi chizindikiro cha gulu. Kumapeto kwa Okutobala mizere ya mafuta yatalika m'mafilingi onse, magalimoto a hayala akweza mtengo, ife tabwerera ku ngolo ndi njinga.

Disembala 2024

Mvula ikayamba makala amtengo amakwera. Misewu ya kunkhalango imaterera, mauvuni amanyowa, ndipo owotcha ambiri amakhala ali kumunda. Amayi aja anatikana mu Julayi ayamba kubwera okha kudzafunsa. Koma walira mvula walira matope: briketi yomwe inkauma pasanathe sabata tsopano ikutenga masabata awiri kapena kuposa, ndipo ina ikuchita nkhungu isanaume. Kunja imaoneka youma pomwe mkati muli chinyezi, ndipo yotere imafuka, imazima, imaphwanyika m'thumba. Talamula kuti pa thandala lililonse azithyola zingapo kuona mkati, ndi kugwetsa imodzi pansi kuchokera m'chiuno. Ikanyenyeka, thandala lonse libwerere pa dzuwa. Thumba limodzi lonyowa limathamangitsa kasitomala pamodzi ndi anansi ake onse.

Matumba aja anaunjikana mu Okutobala ndi amene apulumutsa gulu la ku Chinsapo. Agulitsidwa onse pa mtengo wabwino kuposa wa chilimwe. Tamanga kashedi ka nsungwi kofoleredwa ndi pulasitiki yoonekera, m'mbali mosatseka kuti mphepo izidutsa. Kakuthandiza, koma n'kakang'ono.

Nyengo yodzala mitengo imatsegulidwa pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, ndipo ku Mitundu maoda onse atengedwa ndi kulipidwa. Mapapaya atha m'masabata ochepa. Keshya wowonjezera yemwe anyamata anafesa mwa okha, poganiza kuti apeza ogula panjira, akadali pa nazale, mizu ikubooza machubu. Ana a m'mudzi akutola njere za mango n'kumagulitsa kwa gulu pa chidebe. Zikamera n'kufika kunenepa kwa pensulo, tidzamezanitsa ndi mitundu monga Tommy Atkins ndi Kent, yomwe imayamba kubereka pakatha zaka zitatu kapena zinayi.

Januwale 2025

Otithandiza ndi ndalama apempha kuti mu lipoti tilembe kuchuluka kwa mitengo yomwe yapulumuka chifukwa cha mabriketi. Nambala yotere ndi yosavuta kupeka pa kompyuta, ndipo sindiilemba. Zomwe magulu awiriwa aumba mwezi wathunthu n'zochepa poyerekeza ndi makala olowa mumzinda m'mawa umodzi wokha. Chomwe ndalemba ndi chomwe ndingathe kuloza ndi chala: makola angapo a nkhuku ndi malesitilanti angapo omwe kale ankagula makala amtengo, pano sakugulanso. Ndalembanso za anyamata awiri omwe ankapalasa makala kuchokera kunkhalango, pano akutinyamulira matumba kupita kwa makasitomala. Ulendo wathu umalipira pang'ono kusiyana ndi wa makala, koma ndi waufupi, wamasana, ndipo palibe mantha olandidwa njinga. Mmodzi wa iwo amachitabe zonse ziwiri, maoda athu akachepa. Sanandibise, ndipo inenso mu lipoti sindinabise.

Febuluwale 2025

Tatsegula mabuku onse atatu. Ku Chinsapo, m'miyezi yozizira ndi ya mvula aliyense wogwira ntchito mokhazikika wapeza zoposa zomwe akanapeza pa ganyu. Mu Okutobala anapeza zochepera. Gulu la ku Likuni lasiya kuumba. Asankha kumangowotcha makoko kumidzi n'kumagulitsa fumbi la makala kwa a ku Chinsapo, ndipo zikuoneka kuti zikuwayanja, chifukwa ntchito yoyenda ndi migolo ndi yomwe anyamatawo amaikonda. Nazale yabweretsa ndalama yooneka, koma kamodzi pachaka, ndipo munthu sadya kamodzi pachaka. Kuyambira Epulo aziikamo mbande za tomato, kabichi ndi anyezi zogulitsa kwa alimi a m'madimba, kuti mthunzi ndi chitsime zisamangokhala.

Ndalama ya m'bokosi la ku Chinsapo yakwana kuchita chinthu chimodzi mwa ziwiri. Anyamata akufuna makina opukusa ndi manja, opangidwa konkuno ndi owotcherera, omwe angachulukitse zoumbidwa patsiku. Atsikana, motsogozedwa ndi wosunga buku uja, akufuna nyumba yosungiramo katundu ndi kukulitsa shedi, kuti mu Meyi ndi Juni adzagule makoko ambiri akadali otchipa, adzaumbe chilimwe chonse, n'kudzagulitsa mvula ikagwa. Kuwerengera kwawo n'kwakuti chomwe chinawasowetsa ndalama mu Disembala si kuchepa kwa manja, koma kuchepa kwa katundu wouma. Ine ndili mbali ya atsikanawa, ngakhale pa gulupo ndilibe voti. Adzavota kumayambiriro kwa Malichi, ndipo mwini malo omwe akufuna kumangapo wati ayankhidwe mtedza usanayambe kukumbidwa.